Ampulifaya Ikamang'ung'udza, Fyuzi N'kumapsa

Loweruka la m'chilimwe, m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa M5 kuyambira ku Tukombo kudutsa ku Kande mpaka ku Chintheche, sipalephera kumveka zokuzira mawu. Kwina ndi ukwati, kwina chinkhoswe, kwina kwaya ya mpingo ikukonzekera za mawa. Zonsezi zatsamira pa kabokosi kamodzi kachitsulo kokhala pansi pa tebulo, ampulifaya, kamene palibe amakaganizira mpaka katayamba kuvuta. Kavutidwe kake n'kodziwika. Poyamba masipika amang'ung'udza chapansipansi ngati njuchi zili m'phanga, nyimbo zikayima phokosolo limatsala lokha, kenako perekaniperekani ali mkati zonse zimangoti zii. Wina amatsegula kumbuyo, napeza fyuzi yapsa. Aikamo ina, ipsanso. Apa ndi pamene pamatulukira katswiri wa pamudzi, atanyamula kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, n'kukulunga fyuzi yakufayo kuti gule apitirire. Nkhani ino ikutsutsana ndi katswiri ameneyu. Fyuzi yopsa ndi kung'ung'udza kuja si matendawo ayi, ndi mboni ziwiri zimene zaona pamene pali vuto, ndipo wokulunga fyuzi ndi waya ali ngati mfumu yothamangitsa mboni pabwalo mlandu usanazengedwe.

Tiyambe ndi fyuziyo. Ndi kawaya kopyapyala kotsekeredwa m'kagalasi, kopangidwa dala kuti kakhale kofooka kuposa china chilichonse m'njira imene magetsi amadutsa. Thomas Edison adalembetsa luso limeneli m'dzina lake mu 1890, koma maziko ake adawaika ndi James Joule wa ku England cha m'ma 1840, pamene adaonetsa kuti kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi magetsi odutsamo. Magetsi akachuluka kawiri, kutentha kumakwera kanayi. Akachuluka katatu, kumakwera kasanu n'kanayi. Pa chipewa chachitsulo cha fyuzi pamadindidwa malire ake, mwachitsanzo T2A 250V, kutanthauza kuti imalola ma amp awiri. Magetsi a m'dziko muno ndi a ma volt 230, choncho fyuzi yotere ikunena kuti ampulifayayo siyenera kudya zopitirira ma watt 460. Tsopano ichotseni, muikepo waya. Chitetezo chotsala ndi fyuzi ya m'pulagi, imene kawirikawiri imakhala ya ma amp 13. Ndiye kuti magetsi ali ndi ufulu wochuluka kasanu n'kamodzi ndi theka china chisanawaletse, ndipo mwa lamulo la Joule, mawaya a m'thiransifoma atha kutentha koposa ka 40 kuyerekeza ndi mlingo umene adawapangira. Vanishi wokuta mawayawo sangapirire zimenezo. Fungo loipa limene limatuluka pakapita mphindi zochepa ndi la chipangizo chodula kwambiri m'bokosimo chikufa m'malo mwa chotchipitsitsa.

Mboni ikafika pabwalo imafunsidwa, ndipo fyuzi yopsa imayankha mukaiyang'ana padzuwa. Galasi likada bii mkati, kapena likamwazikira timadontho tachitsulo, magetsi adadutsa ochuluka zedi kamodzin'kamodzi, ndipo penapake pali shoti yeniyeni. Galasi likakhala loyera, kawaya kangoduka pakati, ndiye kuti fyuzi idasenza katundu wopitirira pang'ono kwa nthawi yaitali mpaka kutopa. Nthawi imene yapsera nayo ndi umboni. Yopsa pomwe mwangoyatsa ikuloza ku thiransifoma, ku madayodi kapena ku mathiranzisita amene afa kale. Yopsa pakatha ola nyimbo zili pamwamba ikuloza ku kutentha ndi ku masipika. Palinso chilembo chimene ambiri sachiwerenga. T ndi fyuzi yoleza mtima, F ndi yachangu. Ampulifaya ikamayatsidwa, thiransifoma ndi makapasita ake amameza magetsi ambiri kwa kanthawi kosakwana sekondi, ngati munthu waludzu amene wangopatsidwa chikho. Fyuzi ya T imadikira kuti ludzulo lithe, pamene ya F ya mlingo womwewo imatha kupsa ampulifaya ilibe vuto lililonse. Anthu ambiri adanyamulapo ampulifaya yabwinobwino kukwera nayo minibasi kupita ku Mzuzu chifukwa cha chilembo chimodzi chimenechi.

Mboni yachiwiri, kung'ung'udza, ili ndi mbiri yosangalatsa. Madzi amene asodzi a ku Tukombo amapalasapo bwato usiku pofuna usipa amatuluka m'nyanja kudzera mu Shire, n'kukazunguza makina a EGENCO ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, kenako amabwerera kumpoto ngati magetsi pa nthambo za ESCOM zodzera ku siteshoni ya ku Chintheche. Magetsi amenewa sayenda mbali imodzi ngati a batire. Amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo kugwedezeka kotere kukalowa m'sipika khutu limakumva ngati liwu lakuya. Ampulifaya yabwino imasefa liwu limeneli kuti lisafike kwa omvera, choncho likamveka ndiye kuti lapeza polowera. Makomo ake ndi awiri, ndipo amasiyanitsika ndi khutu. Likalowera ku mawaya a maikolofoni kapena a gitala limamveka pa 50, pafupi kwambiri ndi G wapansi penipeni pa gitala ya besi. Likachokera m'kati, ku mbali yosandutsa magetsi, limamveka pa 100, G yemweyo koma wokwera sitepe imodzi yathunthu ya okitevu, ndipo limakhala lokalipa pang'ono. Woyimba kiyibodi wa kwaya, amene mwina sadagwirepo sikuludiraiva, angathe kuuza mmisiri kumene ayambire kufufuza pongofananiza liwulo ndi makiyi ake akumanzere.

Kufufuza kwabwino kumayambira kunja kulowa m'kati, kuchoka pa zosalira ndalama kupita pa zodula, ndipo kumasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Akuluakulu adati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Zulani mawaya onse olowa, mutsitse voliyumu mpaka pansi, musiye masipika okha. Phokoso likatha, ampulifaya ilibe mlandu, ndipo mubwezere mawayawo mmodzimmodzi mpaka wolakwayo adziulule. Nthawi zambiri amakhala waya wa maikolofoni amene ukonde wake wamkati udaduka pafupi ndi jeki chifukwa chokokedwa ndi kupondedwa, kapena waya wa mawu amene wagonekedwa limodzi ndi ekisitenshoni ya magetsi mtunda wautali. Nthawi zina ndi tchaja yotchipa ya foni kapena ya laputopu imene DJ akuimbira nyimbo. Mukaizula pakhoma phokoso limaleka pomwepo. Vuto lina limabwera mikisa ikalumikizidwa ku soketi ya m'nyumba ino, ampulifaya ku soketi ya m'nyumba ya aneba. Ethi ya nyumba ziwirizi siifanana ndendende, ndiye timagetsi tochepa timayenda m'waya wa mawu kufuna kulinganiza kusiyanako, ndipo ampulifaya imatikuza pamodzi ndi nyimbo. Mankhwala ake ndi kudyetsa zida zonse pa soketi imodzi, komanso kugwiritsa ntchito mawaya a mapini atatu a XLR, amene amanyamula mawu m'njira ziwiri zotsutsana kotero kuti phokoso lotoledwa m'njira limadzifafaniza lokha pofika.

Pano pali chotsutsa choyamba, ndipo chili ndi mphamvu chifukwa chimagwiradi ntchito. Odziwa za zokuzira mawu ena amati ukadula waya wa ethi m'pulagi, uja wobiriwira ndi chikasu, kung'ung'udza kumatha. N'zoona, kumatha ndithu, chifukwa njira ya timagetsi tija yaduka. Koma waya ameneyu ali ndi ntchito ina imene siioneka mpaka tsiku loipa. Waya wamoto akasupuka m'kati n'kukhudza bokosi lachitsulo, ethi ndiye amapereka njira yachidule yoti magetsi athamangiremo ochuluka, fyuzi ipse msanga. Popanda ethi fyuzi siidziwa kanthu. Bokosi limangokhala ndi ma volt 230 mwakachetechete, pamodzi ndi chilichonse cholumikizidwa nalo, kuphatikizapo chitsulo cha maikolofoni ndi nsambo za gitala, kudikira munthu woti magetsiwo adutsemo kupita pansi. Leslie Harvey, woyimba gitala wa gulu la Stone the Crows, adafa choncho pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yopanda ethi. Iye adali m'holo. Nanga mayi woyimba kwaya wopanda nsapato, ataima pa mchenga wonyowa m'boma la Nkhata Bay limene mvula yake ili m'gulu la yochuluka kwambiri m'Malawi muno? Maikolofoni ikamaluma milomo, ngakhale pang'ono pokha, mwambo uyambe waima. Kumeneko si kuvuta kwa mawu, ndi chenjezo la maliro.

Phokoso likatsala mawaya onse atazulidwa ndipo voliyumu ili pansi, mlandu walowa m'nyumba. Magetsi akalowa m'ampulifaya amadutsa pa thiransifoma imene imawatsitsa, kenako pa madayodi anayi amene amawaongola kuti aziyenda mbali imodzi, kenako pa makapasita akuluakulu awiri kapena anayi ooneka ngati timigolo. Madayodi amatulutsa magetsi modukizaduka, ka 100 pa sekondi, ndipo makapasita ali ngati thanki ya madzi imene imadzazidwa ndi mpope wopumira koma n'kumatulutsa madzi mosalekeza. M'kati mwake muli timadzi ta mankhwala timene timauma ndi zaka, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuumako: opanga amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umafupika ndi theka. Ganizirani tsono ampulifaya ya m'nyumba ya malata kunyanja mu Okutobala, itafunditsidwa nsalu yoluka kuti isade, mabowo ake opumira atatsekeka ndi fumbi ndi nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi n'kudzaunjikana paliponse pali nyali. Kapasita youma siisunganso magetsi, ndiye kudukiza kuja kumafika ku sipika. Ikapitirira kuwonongeka imatupa pamutu, imadontha, kenako imachita shoti kapena imapha dayodi, ndipo fyuzi imayamba kupsa. Apa mboni ziwiri zija zikunena nkhani imodzi, ina kumayambiriro ina kumapeto. Ampulifaya imene yang'ung'udza miyezi itatu isanayambe kudya mafyuzi idapereka miyezi itatu ya mwayi wokonza ndi ndalama zochepa.

Koma wopha maampulifaya ambiri sakhala m'kati mwa bokosi. Ndi mwini wake, ndi chikondi chake cha masipika ochuluka. Sipika iliyonse ili ndi mlingo wa mmene imakanizira magetsi, wolembedwa pa maginito ake, kawirikawiri ma ohm 8. Dzinali ndi la Georg Ohm, Mjeremani amene mu 1827 adalongosola kuti kukaniza kukachepa, magetsi odutsa amachuluka. Masipika awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa pa malo amodzi, ofiira kwa ofiira, akuda kwa akuda, ampulifaya imaona ma ohm 4. Akakhala anayi imaona 2. Maampulifaya ambiri adalembedwa kumbuyo kuti asatsike pansi pa 4, koma pa ukwati aliyense amabwera ndi sipika yake kudzathandiza, ndipo kukana thandizo la achibale n'kovuta. Mathiranzisita otulutsa mawu amasenza katundu wowirikiza, amatentha, ndipo akafa kawirikawiri safa motseguka koma molumikiza, kusanduka ngati waya. Zikatero magetsi a m'makapasita amapita molunjika ku sipika. Chizindikiro chake n'choonekeratu: poyatsa, pepala la sipika limatuluka kapena kulowa n'kukhala pomwepo, kung'ung'udza kwamphamvu kumamveka, fyuzi n'kupsa. Wokulunga fyuzi pa nthawi imeneyi amawotcha ndi masipika omwe, a eni ake aja. Chodabwitsa n'chakuti masipika anayi omwewo akadalumikizidwa awiriawiri motsatizana, kenako magulu awiriwo pamodzi, akadabwerera pa ma ohm 8 popanda kugula kanthu. Ndipo tikadali pomwepa, manambala a 5000W PMPO olembedwa ndi zilembo zagolide pa makatoni asamakunyengeni. Chida chokhala ndi fyuzi ya ma amp awiri sichingatulutse zoposa zimene chimadya.

Mmisiri wodziwa ntchito yake sayesa ampulifaya pomangoikamo mafyuzi atsopano, pakuti kupsa kulikonse kumapweteka zida zina zimene zidali zamoyo. Amagwiritsa ntchito babu. Babu lakale la kawaya m'kati, la ma watt 60 kapena 100, limalumikizidwa pa waya wamoto kotero kuti magetsi onse opita ku ampulifaya ayambe adutsa m'babumo. Ngati m'kati mulibe shoti, babu limawala kamphindi poyatsa kenako limazilala. Ngati muli shoti, limawala kwambiri osaleka, ndipo mphamvu imene ikadawotcha zida imathera m'kuwalako. Mmisiri amatha tsono kumasula mbali imodziimodzi, akuyang'ana babu. Akachotsa mbali yotulutsa mawu babu n'kuzilala, vuto lili ku mathiranzisita. Likapitirira kuwala amachotsa makapasita ndi madayodi, ndipo likawalabe thiransifoma ili yokhayokha, ndiye kuti yapsa ndi iyoyo. Mababu a LED ndi osunga magetsi aja sagwira ntchito imeneyi, ndiye poti akalewo akusowa m'magolosale, wokhala nalo alisunge ngati dzira. Ntchito ya m'kati mwa bokosi si ya aliyense, chifukwa makapasita amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo m'maampulifaya akale a mavavu magetsiwo amapitirira ma volt 400. Palinso msampha wa zida zachinyengo. Mathiranzisita otchuka a Toshiba, 2SC5200 ndi mnzake 2SA1943, amakoperedwa kwambiri, ndipo achinyengowo amagwira ntchito nyimbo zili pansi, n'kufa voliyumu ikangokwera. Mmisiri amanyozedwa kuti sadziwa ntchito pamene cholakwa chake n'kugula zotchipa, mwina mokakamizidwa ndi mwini ampulifaya yemweyo.

Chotsutsa chachiwiri n'chakuti vuto si ampulifaya, ndi magetsi athu. Mbali ina ya mawu amenewa ndi yoona. Dera la kunyanja kuno lili makilomita mazana angapo kuchoka kumene magetsi amapangidwa, mphenzi za m'dzinja zimagunda nthambo, ndipo magetsi akazima n'kubweranso mwadzidzidzi zida zimene zidasiyidwa zoyatsa zimalandira nkhonya. Namondwe wa Ana ataononga damu la ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya ma megawatt pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka miyambo yambiri idadalira majenereta. Jenereta yaing'ono iyenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi kuti ipereke 50 uja. Ikalemedwa, kapena petulo akamatha, imachedwa, ndipo thiransifoma yodyetsedwa magetsi ochedwa imakoka ochuluka, imanjenjemera, imatentha. Mukamvetsera, liwu la kung'ung'udza limatsika ndi kukwera motsatira kulira kwa injini. Choopsa kwambiri ndi pamene katundu wamkulu, monga filiji, wazimitsidwa mwadzidzidzi, injini n'kuthamanga, ma volt n'kulumpha. Mainveta otchipa a sola nawo amatulutsa magetsi a makonamakona amene amalira m'sipika ngati nyenje. Zonsezi n'zoona. Koma onani kumene umboniwu ukupita. Ngati magetsi a kwanu ndi osadalirika, ndiye kuti mlonda wa pakhomo akufunika koposa, osati kuchotsedwa ntchito. Ndipo kudziwa ngati cholakwa ndi magetsi n'kosavuta: ampulifayayo ikayesedwe kwina pa magetsi abwino. Ikakapsereza fyuzi kumenekonso, ESCOM ndi jenereta achoke m'nkhaniyi. Chizolowezi choyatsa ampulifaya pomalizira, injini itakhazikika, ndi kuizimitsa poyambirira jenereta isanazime, chimapulumutsa zida zambiri kuposa mankhwala ena alionse.

Ku Nkhata Bay nkhaniyi ili ndi mbali inanso, yochokera ku maulendo. Atonga adayamba kale kupita kunja kukagwira ntchito. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, adakafika mpaka poyambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mpaka lero katundu wambiri wa m'nyumba za kuno amatsika pa mabasi ndi mathiraki ochokera ku Joni, ndipo zokuzira mawu zimakhala pamwamba pa mndandanda. Magetsi a ku South Africa ndi ofanana ndi athu, koma pulagi yawo ya mapini atatu obulungira ilibe fyuzi m'kati ndipo siilowa m'soketi zathu za mapini a makona. Ndiye ena amaidula n'kusomeka mawaya awiri m'soketi ndi timitengo ta machesi, ethi n'kungolendewera. Mawaya osomeka chotere amathetheka, ndipo kuthetheka kulikonse kuli ngati kuzimitsa ndi kuyatsa ampulifaya kambirimbiri, ludzu lija la poyatsa n'kumabwerezedwa mpaka fyuzi itatopa. Pulagi yatsopano yomangidwa bwino, wabulauni ku fyuzi, wabuluu kumanzere, wobiriwira ndi chikasu pamwamba, imathetsa matenda amene ena akadawafunafuna m'kati mwa bokosi. Zida zochokera ku America, zimene mipingo imalandira ngati mphatso, n'zina: kumeneko magetsi ndi a ma volt 120. Zina zili ndi kaswitchi kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kakakhala pa 115, fyuzi imapsa nthawi yomweyo, ndipo kupsa kumeneko ndiko kokhako kumene kwaima pakati pa mphatsoyo ndi dzala.

Kumidzi ya kumtunda kumene mapolo sadafike, ndi m'mavidiyo sho a m'madoko a asodzi, ampulifaya yofala ndi ya m'galimoto, yodya batire la ma volt 12 lotchajidwa ndi sola. Anthu amaiona ngati yosaopsa poti siigwira munthu. Koma batire likachita shoti limatha kutulutsa ma amp mazanamazana, okwanira kufiiritsa waya ngati makala, ndipo pamwamba pake nthawi zambiri pamakhala denga laudzu. Mafyuzi ake ndi apulasitiki a miyendo iwiri, odziwika ndi mtundu: yofiira ndi ya ma amp 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Chimene chimawapsereza kawirikawiri ndi kusemphanitsa mawaya a batire mumdima. Opanga adaikamo dayodi imene ntchito yake ndi kupsereza fyuzi dala zikatero, ndipo nthawi zina dayodiyo imafera pomwepo, n'kumapsereza fyuzi iliyonse yotsatira mpaka itasinthidwa.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse n'cha umphawi ndi mtunda, ndipo sichiyenera kuyankhidwa mwachipongwe. Munthu anganene kuti: zonsezi ndamva, koma ukwati ndi lero, alendo achokera ku Dwangwa ndi ku Mzuzu, pa golosale ya pano palibe fyuzi ya T2A, ndipo ndalama ya perekaniperekani imatuluka nyimbo zikamalira. Wina anganene kuti yake adaikulunga ndi waya zaka zitatu zapitazo ndipo ikuimbabe. Tiyambe ndi wachiwiriyu. Ampulifaya yake ikuimba chifukwa idalibe vuto lalikulu. Fyuzi yake idangotopa kapena idali ya chilembo cholakwika. Wayayo sadachize kanthu, ndipo tsiku limene dayodi idzafe, palibe chidzaime pakati. Amene zawo zidapsa sabwera kudzachitira umboni, zili pansi pa bedi. Kwa woyamba uja, yankho ndi lakuti njira zilipo zambiri asanafike pa waya. M'maampulifaya ambiri, kabokosi ka fyuzi kamene kali polowera waya wa magetsi kamakhala ndi fyuzi yachiwiri yapadera imene eni ake sadziwa n'komwe. Mawailesi, ma TV ndi ma DVD akufa ali ndi mafyuzi a msinkhu womwewo wa mamilimita 20. Fyuzi yocheperapo mlingo ndi yololedwa, choipa chimene ingachite n'kupsa msanga. Yokulirapo ndiyo yoletsedwa. Kuchotsa masipika awiri pa anayi aja ndi kutsitsa besi nthawi zambiri kumafikitsa mwambo kumapeto. Ndipo ngati fyuzi yoyenera yapsa kachiwiri galasi n'kuda, waya sangaimbitse ampulifaya imeneyo ngakhale mphindi zisanu. Kusankha kumene kulipo si pakati pa nyimbo ndi chete. Chete wafika kale, chatsala n'chakuti Lolemba mukalipire dayodi kapena thiransifoma.

Tsono Lolembalo, ampulifaya ikamakwera galimoto kupita kwa mmisiri ku Chintheche, ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, isapite yokha. Fyuzi zopsazo zikulungidwe m'kapepala zipite nawo, yoyambirira makamaka, chifukwa ndiyo ili ndi mlingo umene opanga adaika ndiponso maonekedwe a kupsa koyamba. Wonyamulayo akhale amene adalipo, wotha kunena ngati kung'ung'udza kudayamba kale kapena tsiku lomwelo, ngati kunkasintha ndi voliyumu, masipika adali angati ndipo adalumikizidwa motani, magetsi adali a ESCOM, a jenereta kapena a inveta, ndiponso ngati padamveka fungo. Ambiri amabisa zoti adaikamo waya poopa kudzudzulidwa, koma mmisiri amadziwa akangotsegula, poona timikwingwirima takuda pa bolodi ndi pomva fungo la vanishi. Masipika nawo ayesedwe asanalumikizidwe ku ampulifaya yokonzedwayo, chifukwa sipika imene koyilo yake idapsa theka imatsika ma ohm, ndipo imapha mathiranzisita atsopano Loweruka lotsatira. Kuyesa kwake kwa pamudzi n'kwa batire la tochi la volt imodzi ndi theka: mukaligunditsa ku mawaya a sipika, yamoyo imati thu, pepala lake n'kusuntha momasuka, pamene yopsa imakhala duu kapena imakhwekhwereza mukaikankha pang'ono ndi zala. Mlingo weniweni umafuna mita, ndipo sipika yolembedwa ma ohm 8 ikakhala bwino imaonetsa pakati pa 5 ndi 7.